Kuyenda pa Thonje ku Vila Cabral

Ndinakwera ku Lichinga ndili mkazi wamasiye, ndisanabereke n'komwe. Masiku amenewo tawuniyi tinkaitcha Vila Cabral, kapena kungoti ku Vila. Kwathu ndi ku Meponda, kunyanja. Mwamuna wanga anali msodzi. Mwera unamupeza ali pakati pa madzi, bwato lake n'kubwera lokha kumtunda, ndipo mtembo sunaoneke. Nditamaliza eda, miyezi ija imene mkazi wachisilamu amabindikira polira mwamuna wake, ndinaona kuti sindingathe kumangokhala pomva mafunde kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Achimwene anga aakulu, amene ankagulitsa usipa wouma kumtunda, anandiuza kuti akudziwa nyumba ina ya amwenye kumene akufuna mlezi wa mwana.

Tinakwera mapiri tikukankha njinga yodzaza madengu a usipa, tinagona panjira, ndipo tinalowa mu Vila m'mawa kuli nkhungu. Ndinali ndisanaonepo nkhungu yoyenda m'misewu ngati munthu. Inkatuluka pakati pa nyumba, n'kutidutsa, n'kutisiyira timadontho pa nsidze. Dothi linali lofiira, misewu yotakata kuposa anthu oyendamo, ndipo kuzizira kwake kunkaluma makutu.

Amwenyewo sanali Asilamu ngati ife. Anali Abaniyani, a chipembedzo chawochawo, ndipo anali ndi loja, sitolo ya nsalu, mchere, makasu ndi palafini. Nyumba inali kuseri kwa loja, mkati mwa kintali, bwalo lotchingidwa ndi mpanda wa nsungwi. Mayi wa m'nyumbamo, amene ndinkawatchula kuti a Dona, anali a msinkhu wanga, ochepa thupi, olankhula Chinyanja cha mu loja chosakaniza ndi Chiswahili. Anatilandirira pakhomo la mpanda, napempha achimwene kuti njinga yawo itsale kunja.

"Muno simulowa chilichonse chimene chinapumapo mpweya," anatero akundiyang'ana. "Nyama ayi, nsomba ayi, dzira ayi. Ukwanitsa?"

Achimwene anaseka. "Dona, uyu ndi mwana wa msodzi. Anasiya bere n'kugwira usipa."

"Ndikwanitsa," ndinayankha.

Sindinkanama. Chimwalirireni mwamuna wanga, nsomba inali isanalowe m'kamwa mwanga. Ndikaona chambo pa mbale ndinkaganiza za kumene chinasambira ndi zimene chinadya pansi pa madzipo. Kwathu ankandikakamiza. Apa ndinapeza nyumba imene kukana kwangako kunali lamulo, ndipo ndinalowamo ngati munthu wopeza mthunzi.

Chakudya chawo chinali chabwino, ndisaname. Mpunga, nandolo wosenda wophika mpaka kusungunuka, chapati zotentha, mbatatesi zokazinga ndi tinjere timene tinkathetheka m'mafuta, therere, kabichi, nyemba za ku Chimbonila. A Dona sankandipatsa zotsala. Ankandipakulira kuchokera mu mphika womwewo. Tinasiyana pa chinthu chimodzi chokha, mkaka. M'mawa uliwonse kunkabwera bambo wina ndi chigubu cha mkaka wa ng'ombe, ndipo iwo ankaumwa m'tiyi, wina n'kuusandutsa chambiko chodyera mpunga. Ine ndinakula osaudziwa. Nditauyesa, m'mimba munalira ngati achule a m'dambo, ndipo ndinatsegula tsiku lonse. A Dona anayesa kundinyengerera ndi chambiko, ine n'kukana chifukwa cha fungo. Kenako anangoti, "Basi, mimba ndi yako," nkhani n'kuthera pomwepo. Palibe mwa ife amene anaganiza kuti pamenepo pali kanthu.

Zaka zoyamba zinali zokoma. Ndinanenepa. Mwana wawo woyamba, wamkazi, anaphunzira kuyenda atagwira nsalu yanga, ndipo mawu ake oyamba anali a Chinyanja. Achimwene akabwera ndi malonda tinkacheza kunja kwa mpanda, iwo n'kundipatsa moni wa kwathu. Pa Idi ankandiitanira nyama ya mbuzi kwa anzawo, koma thupi linali litazolowera zina, ndipo fungo la nyama linkandichititsa nseru. Ndinkangotola mpunga. Pofika pamene a Dona anabereka mwana wachiwiri, wamwamuna, anali atasiya kunditchula dzina. Ankangoti mana, monga amaitanirana apachibale pa Chipwitikizi.

Zinayamba ndi nyerere. Ndikakhala pansi kusankha mpunga ndinkamva ngati zikuyenda m'zala za kumapazi, koma ndikayang'ana panalibe kanthu. Ndinkati ndi kuzizira kwa ku Vila. Patapita miyezi nyererezo zinachoka, ndipo m'malo mwake pansi panafewa. Pa simenti ya kophikira, pa miyala ya mumsewu, ngakhale pa chitsa, paliponse pankamveka ngati ndaponda thonje. Tsiku lina posamba ndinapeza munga utandibaya chidendene, magazi atauma kale, ine osadziwa kuti unalowa liti.

Lilime linasalala n'kufiira, moti tsabola amene ndinkamukonda ankandiotcha ngati khala. Zikhatho zinayezuka n'kukhala ngati mandimu akupsa. Ndikakwera kachitunda kakang'ono mtima unkagunda m'makutu. Zonsezi ndinkaziona. Chimene sindinachione chikubwera chinali cha m'mutu.

Mawu anayamba kundithawa limodzilimodzi. Ndinkagwira supuni m'manja, ntchito yake ndikuidziwa, koma dzina lake lili tsidya lina la mtsinje. Ndinkalowa m'chipinda n'kuima, osadziwa chimene ndadzera, ndipo ndinkatha kuima choncho mpaka kuwala kwa dzuwa kutasuntha pa khoma. Munthu akandilankhula, mawu ake ankafika mochedwa, ngati mmene umaonera munthu akudula mtengo patali, nkhwangwa itagwa kale phokoso n'kumabwera pambuyo. Poswali ndinkawerama n'kuiwala kuwerama kwachingati, ndipo mawu a Chiarabu amene ndinawadziwa ndili kamtsikana ankaduka pakati ngati ulusi wowola. Ndinkangokhala pa mkeka manja ali pa mawondo, kumvera kabelu ka a Dona kakulira m'chipinda china, kumene iwonso ankapembedzera, ndi fungo la lubani wawo likudutsa pansi pa chitseko.

Anthu akamva izi amaganiza kuti ndinkavutika. Ayi. Zinali zofewa. Dziko linkangoyandama pang'onopang'ono, m'mbali mwake mutasungunuka, ine ndili pakati ngati tsamba pa madzi odekha. Akandituma mu loja ndinkaima pamaso pa nsalu zosanjika mpaka kudenga, ndipo maluwa ake ankatseguka n'kutsekeka okha, mbalame zojambulidwazo n'kumasuntha kuchoka pa nsalu ina kupita pa ina. Sindinaonepo zinthu zokongola ngati zimene ndinaona chaka chimenecho.

Kenako mwamuna wanga anabwera. Ndinamuona koyamba masana, pakhonde la loja, pamene pankakhala osoka zovala ndi makina awo. Anakhala kumapeto, mwendo umodzi atautambasula, chingwe cha ukonde atachikola ku chala chachikulu, akusoka. Sanandiyang'ane, ndipo sindinadabwe. Ndinangodzifunsa kuti kodi wakwera liti mapiri aja. Kuyambira pamenepo ankaoneka kawirikawiri, pafupi ndi chitsime, pansi pa mtengo wa mapichesi, nthawi zina pakati pa anthu odikira galimoto ya katundu. Zovala zake zinali zouma nthawi zonse, ndipo zimenezo zinkandisangalatsa kwambiri. Ndikathira tiyi ndinkasiya kapu ina pa zenera. A Dona akafunsa kuti ndi ya yani, ndinkangomwetulira.

Amayi a pachitsime anati ndi majini a kunyanja amene anditsatira. Achimwene anapita kwa a shehe, nabwera ndi madzi owerengeredwa dua, mapemphero achisilamu, ndipo ndinamwa mwaulemu. Bwana wa loja, mwamuna wa a Dona, anati mwina ndi malungo obisala, nandipatsa kwinini. Aliyense anachita chimene ankadziwa. Ine ndinkawaona akudandaula ngati mmene umaonera anthu a pagombe iwe uli m'bwato.

Tsiku limene zinafika poipa linali la m'nyengo yozizira. A Dona anandituma kumsika kukagula mbatatesi, mwana wamwamuna uja ali kumsana kwanga. Msika sunali patali. Nkhungu inali itagona m'zigwa zonse, yoyera, yosalala pamwamba, ndipo nditafika pamphambano ndinaona kuti imeneyo si nkhungu koma nyanja, yakwera mapiri kudzanditenga. Ndinadutsa msika osaima. Ndinatsata msewu wa ku Chimbonila poganiza kuti ndikuyenda m'mphepete mwa madzi, ndipo mapazi anga anavomereza, pakuti pansi panali pofewa ngati mchenga wonyowa. Mwamuna wanga anali patsogolo pang'ono, nkhafi ili paphewa. Sankathamanga, komanso sindinkamupeza.

Sindidziwa kutalika kwa ulendowo. Ndimakumbukira dimba la mbatatesi lili m'maluwa oyera, ine ndikuti ndi thovu la mafunde. Ndinakhala pansi pamenepo kudikira kuti mabwato akocheze. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira, ndipo ndinamuimbira nyimbo yopalasira bwato.

Amene anandipeza ndi mayi wina, mwini dimbalo, wamkulu kwa ine, khasu lili m'manja. Anandilankhula m'Chiyao, ndipo nditapanda kuyankha anasinthira ku Chinyanja.

"Mayi, mwachokera kuti?"

"Konkuno," ndinatero.

"Kuno ndi kwanga. Dzina lanu ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma dzinalo silinabwere. Ndinalifunafuna mofatsa, ngati mmene umafunira singano m'nsalu, osalipeza, ndipo sindinachite mantha. Mayiyo anazungulira kumbuyo kwanga, nasuzumira mwana. Anaona tsitsi lake losalala, zakuda zimene amayi ake ankamupaka m'maso, ndi kachingwe ka pamkono.

"Uyu ndi mwana wa amwenye," anatero chapansipansi. "Dzukani, mayi, tizipita. Akakupezani masipayo, apolisi a boma aja, adzati mwaba."

Anandipatsa mbatatesi yootcha, nandigwira dzanja ngati kamwana, n'kuyenda nane mpaka mu Vila, akufunsa loja ndi loja. Panjira ndinkamuuza mayina a mphepo za panyanja, iye n'kumangoti eya, eya. Tinafika dzuwa litapendeka. A Dona anali pakhomo la mpanda opanda nsapato, tsitsi litamasuka, mapazi ali fumbi lokhalokha chifukwa chozungulira tawuni yonse. Anamasula mwanayo kumsana kwanga, namununkhiza pamutu, namupapasa manja ndi miyendo. Kenako anandiyang'ana. Ndinkaona kuti nkhopeyi ndi yodziwika, koma osakumbukira kumene ndinaiona.

"Mwabwera kudzagula nsomba?" ndinawafunsa. "Dikirani pang'ono, akukocheza."

Anakhala pansi pomwepo, m'fumbi, n'kuyamba kulira.

Zimene zinatsatira ndinachita kuuzidwa. Bwana anati achimwene akabwera anditenge, ndikadwalire kwathu. Sananene mwankhanza, mwana wake anasowa tsiku lonse, ndani angamudzudzule. Koma a Dona anati ayi, ayambe wamuona dokotala. Iwo amene sankatuluka m'kintali kawirikawiri anavala sari yawo yabwino, n'kundiperekeza wapansi kuchipatala, ku mbali ya anthu akuda. Anakhala nane pa benchi pakati pa odwala zilonda ndi chifuwa, aliyense akuwayang'ana.

Dokotala anali Mpwitikizi wachinyamata, wa mawu otsika, ndipo womasulira anali enfermeru, namwino wamwamuna wa kwathu kunyanja. Za m'chipindamo ndimakumbukira zidutswa. Anandikoka chikope, anaona lilime, anatenga magazi. Anandiuza kuti ndiime mapazi pamodzi n'kutsinzina, ndipo nditangotsinzina chipinda chinapendekeka, enfermeru n'kundiwakha. Kenako dokotala anatulutsa kachitsulo kamphanda, nakamenya pa bondo lake. Kanalira kaphokoso kotalika, kosalala, ngati ka udzudzu waulemu. Anakaika pa fupa la padzanja langa, ndipo kananjenjemera mpaka m'mano. Anakamenyanso, nakaika pa kakolo.

"Mukumva chiyani, mayi?" anafunsa enfermeru.

"Kakuimba."

"Osati m'makutu. Pamwendo."

Pamwendo panalibe kanthu. Kachitsuloko kanali pomwepo, ndikukaona, koma mwendowo unali ngati wa munthu wina.

Atafunsa za chakudya, amene anayankha ndi a Dona, ndipo anayankha mutu uli m'mwamba. Anatchula mpunga, nandolo, nyemba, masamba, zipatso. Anati amadya chimene timadya ife, sagona ndi njala. Dokotala anavomera ndi mutu, nafunsa za nyama, nsomba ndi mazira. A Dona anati zimenezo m'nyumba mwathu sizilowa. Anafunsa kuti kuyambira liti, iwo anati chibwerereni, zaka zingapo tsopano.

"Nanga mkaka?"

A Dona anandiyang'ana. "Mkaka umamupweteka m'mimba."

Enfermeru anamasulira pang'onopang'ono zimene dokotala ananena, ndipo pambuyo pake anandibwerezera kangapo ndili m'chipatala, n'chifukwa chake ndimazikumbukira. Anati pali kanthu kakang'ono kwambiri, vitamina, kamene kamapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, koma m'masamba ndi m'nyemba mulibe. Magazi amafuna kameneko kuti apangike, ndipo mitsempha yonyamula uthenga kuchokera kumapazi mpaka ku ubongo imakhalira komweko. Thupi limakasunga m'chiwindi ngati chimanga m'nkhokwe, ndiye munthu akasiya kudya zinthuzo sazindikira msanga. Amangotapa m'nkhokwemo chaka ndi chaka mpaka tsiku lina n'kukanda pansi.

"Koma makolo athu onse sanalawepo nyama," anatero a Dona. "Anafa ali okalamba, nzeru zili zonse."

"Inu mumamwa mkaka ndi chambiko tsiku lililonse, Dona," anatero enfermeru. "Awa analibe pothawira."

Anandigoneka. Jekeseni wake anali wofiira ngati madzi a chidede, ndipo ankandibaya m'mawa uliwonse, kenako mwa apo ndi apo. Masiku oyamba sindinaone kusintha. Ndiye m'mawa wina ndinadzuka ndikumva njala yeniyeni, yolusa, ndi kuzizira, ndi kununkha kwa mankhwala otsukira pansi. Chinthu chilichonse chinali chitaima pamalo pake, chili ndi polekezera. Mayi wa bedi loyandikana anandifunsa dzina, ndipo linangotuluka lokha, pamodzi ndi la bambo anga ndi la mudzi wathu.

Ndinayang'ana pazenera kuti ndiuze mwamuna wanga. Kunja kunali mtengo wa bulugamu, mbuzi yomangirira, ndi bambo wina akusesa. Ndinayang'ana tsiku lonse, ndi mawa lake. Pamenepo ndinadziwa, m'mutu muli mowala bwinobwino, kuti iye anamira kalekale, ndipo sanakwerepo phiri lililonse. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pa eda. Enfermeru anabwera kudzafunsa pamene pakupweteka, ndipo ndinamuuza kuti asiye kundibaya, ndinali bwino mmene ndinaliri.

"Munali paulendo, mayi," anatero. "Miyendo ikanafa, kenako zina."

"Koma ndinali ndi munthu."

Anandifunditsa bulangeti. Mawa lake anabweranso ndi jekeseni, ndipo ndinatembenuka ndekha.

Dokotala analamula chiwindi, mazira ndi nsomba. Achimwene ankagula chiwindi cha mbuzi kwa Msilamu wozinga nyama kumsika, n'kuchiotcha pang'ono, n'kubwera nacho m'tsamba la nthochi. Poyamba ndinkameza nditatsina mphuno. Mazira sanavute. Koma tsiku limene anabwera ndi usipa wokazinga, ndinatembenukira kukhoma.

Anakhala m'mphepete mwa bedi nthawi yaitali, akusisita kofiya yawo pa bondo.

"Achemwali," anatero, "ine chimene mumakanira ndimachidziwa. Inenso zinandivuta miyezi yoyamba. Koma ana anga akulira nsomba za m'nyanja yomweyo, amayi athu akudya zomwezo. Alamu ali m'manja mwa Mulungu, sali mu usipa."

Anasiya kambaleko pafupi ndi mutu wanga, ndipo fungo lake linakhala nane masana onse. Linali fungo la pathandala loyanikira, la amayi akutembenuza nsomba padzuwa, la ine ndili mwana ndikuingitsa akhwangwala. Linali lakale kuposa ukwati wanga. Chakumadzulo ndinatola kamodzi.

Nditatuluka ndinkayembekeza kubwerera ku Meponda, koma a Dona anali atakambirana kale ndi amuna awo. Kuseri kwa mpanda, kunja kwa kintali, anamangitsa kachisakasa ka udzu. Anandigulira mphika watsopano, mbale ndi mpeni, naziika m'manja mwanga ngati katundu wa ukwati. Lamulo la m'nyumba silinasinthe. Ndinkaphikira kunjako, kudyera komweko, kenako n'kusamba m'manja ndi sopo, kutsuka m'kamwa, ndiye n'kulowa kukagwira ana. Kwa iwo sichinali chinthu chapafupi. Utsi wa chiwindi ukawoloka mpanda ndinkawamva akutseka mazenera. Komabe nthawi zambiri ankabwera kudzaima mbali yawo ya nsungwi, nsonga ya sari itaphimba mphuno.

"Mana, wadya?"

"Ndadya, Dona."

"Chiyani?"

"Mazira."

"Mawa udye chinacho," ankatero, osafuna kuchitchula dzina.

Kwa nthawi yaitali sanandilole kupita ndi mwana kumsika ndekha, ndipo sindinadandaule.

Nzeru zinabwerera pafupifupi zonse. Miyendo inachedwa. Ndinayenda ndi ndodo nyengo yonse ya mvula, ndikuyang'ana mapazi anga kuti ndidziwe pamene ali, ndipo mwana wamkazi uja ankayenda patsogolo panga kundichotsera miyala. Zala za phazi lamanzere mpaka lero sizisiyanitsa madzi otentha ndi ozizira. Ndinakwatiwanso, ndinabereka, ndipo pa mimba iliyonse ndinkadya mazira poyera, apongozi anga akudandaula kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Koma pali miyezi imene sinabwerere konse. Pakati pa kubadwa kwa mwana wamwamuna uja ndi chipatala pali malo oyera, ndipo zimene ndafotokoza panozi ndi tizilumba tochepa timene tinatsala.

Zina anandibwezera ndi a Dona, tikusankha mpunga pa mkeka masana, ana atagona. Ankandiuza pang'onopang'ono, akuyang'ana nkhope yanga kuti aone ngati zindipweteke. Anati ndinathirapo mchere m'tiyi wa alendo. Anati ndinayanikapo chapati pa chingwe cha zovala, imodziimodzi, mosamala. Anati tsiku lina mvula ikugwa ndinawagwira dzanja, nkhope ili yodandaula, n'kunena kuti si bwino munthu wamkulu kukhala pafupi ndi madzi chonchi osadziwa kusambira. Ndinawagoneka chafufumimba pa mkeka womwewo, n'kuwagwira pamimba, n'kuwaonetsa mmene amakankhira madzi ndi manja.

"Ndiye munavomera?" ndinafunsa.

"Unali utatsimikiza," anatero. "Ndipo pa nthawi yonse ija, ndi tsiku lokhalo limene unalankhula bwinobwino, mawu onse ali m'malo mwake. Sindinafune kukudula."

"Munaphunzira?"

Anatola kamwala mu mpunga, nakaponya kunja. "Manja unati ali bwino. Miyendo ndi imene inkandivuta."